Tsitsi la mkazi wokwatiwa: mbiri ya mpango ndi wigi pakati pa Ayuda

Mukawerenga mabuku asanu a Mose, kuyambira Genesis mpaka Deuteronomo, simupeza vesi lolamula mwachindunji kuti mkazi wokwatiwa aziphimba kumutu. Malamulo a zakudya alimo, a Sabata alimo, ngakhale loletsa kuvala nsalu yosakaniza ubweya ndi bafuta lilimo, koma la mpango mulibe. Chikhalirecho, lero lino ku Jerusalem, ku Bnei Brak, ku Brooklyn, ku Stamford Hill mumzinda wa London ndi ku Glenhazel ku Johannesburg kuli akazi a Chiyuda miyandamiyanda amene chikwatiwireni sanatulukepo pakhomo tsitsi lili pamtunda. Wina amamanga mpango, umene m'Chiyidishi amati tichel, m'Chihebri mitpachat. Wina amavala wigi, imene amaitcha sheitel. Wina amavala wigi n'kuikanso kachipewa pamwamba pake, ndipo wina kunsi kwa mpango wakewo anameta mpala. Aliponso ena osunga Sabata ndi malamulo a zakudya mosaphonya, koma kumutu savala kanthu. Onsewa amawerenga mabuku amodzimodzi, ndipo chimene akhala akusiyana kwa zaka zoposa 1,800 ndi funso limodzi: kodi kuphimba tsitsi ndi lamulo la Mulungu losasunthika, kapena ndi mwambo wa akazi a Chiyuda umene umayenda ndi malo komanso nyengo?

Vesi limene aphunzitsi akale anagwirapo lili pa Numeri 5:18, ndipo ndi lowawa kuwerenga. Likunena za mkazi amene mwamuna wake akumuganizira chigololo koma palibe mboni. Mwamunayo amapita naye kwa wansembe, wansembe namuimika pamaso pa Mulungu kuti amwe madzi owawa. Asanamwe, wansembeyo amagwira mutu wa mkaziyo. Mawu a Chihebri ofotokoza chimene amachita, ena amawamva kuti kuvula chophimba, ena kumasula tsitsi lolukidwa. A sukulu ya Rabi Yishmael anatsata kumva koyambako, nati: ngati wansembe akumuvula kumutu kuti amuchititse manyazi, ndiye kuti masiku ena onse mwana wamkazi wa Israyeli amayenda ataphimba. Lamulo lonse linatuluka pamenepo, pa chilango cha mkazi mmodzi woganiziridwa.

Ayuda sanali okha pa kavalidwe kameneka. Malamulo a ku Assyria, olembedwa zaka zoposa 1,000 Yesu asanabadwe, ankalamula mkazi wa munthu kufunda kumutu akamapita pamsewu, n'kuletsa hule ndi kapolo wamkazi kutero. Hule wopezeka atafunda ankakwapulidwa zikoti 50 ndi kuthiridwa phula kumutu. Nsalu ya kumutu tsono inali ulemu umene ena ankamanidwa. Inkauza aliyense kuti mkazi uyu ali ndi kwawo, ali ndi omuimira. Cha m'ma 200, Tertullian, mlembi wa Chikhristu wa ku Carthage, analemba kuti akazi a Chiyuda ankadziwika ndi nsalu yawo ya kumutu. Paulo, polembera Akorinto m'chaputala 11 cha kalata yake yoyamba, ankalankhula ali m'dziko lomweli. Duku loyera limene amayi a Mvano amamanga popita ku tchalitchi, muzu wake wina unachokera kumeneko, ngakhale kuti Ayuda anayenda nayo nkhaniyi njira yawoyawo.

Njira yawoyo ikuyamba kuoneka bwino m'Mishnah, buku la malamulo apakamwa limene Rabi Yehuda HaNasi anasonkhanitsa ku Galileya cha m'ma 200. Pa ukwati wa Chiyuda mwamuna amapereka ketuba, kalata yomumanga kuti akadzamusiya mkazi kapena akadzamwalira, mkaziyo adzalandire ndalama. Mishnah ikutchula zolakwa zimene zingamulanditse mkazi ndalama zimenezi, ndipo ikuzigawa pawiri. Gulu loyamba ndi dat Moshe, chilamulo cha Mose: kudyetsa mwamuna chakudya chosachotsedwa chakhumi, kukhala naye malo amodzi ali kumwezi, kulumbira osakwaniritsa. Lachiwiri ndi dat Yehudit, mwambo wa akazi a Chiyuda: kupota ulusi pamsika, kucheza ndi mwamuna aliyense wodutsa, ndi kutuluka mutu uli pamtunda. Taonani pamene Mishnah yaika tsitsi. Yaliika ku mwambo, osati ku chilamulo.

Patapita zaka mazana angapo, aphunzitsi a Talmud (buku lalikulu lofotokoza Mishnah) ku Babylonia, kumene lero ndi Iraq, anadabwa nazo. Zatheka bwanji kuti chinthu chochokera pa Numeri 5 chitchedwe mwambo chabe? Yankho lawo linali lakuti zonse ziwiri n'zoona. Chilamulo cha Mose chimakhutira ndi kalta, koma mwambo umafuna zoposa pamenepo. Rashi, wofotokoza Talmud wa ku Troyes ku France amene anamwalira mu 1105, anati kalta ndi kadengu kamene mkazi ankasenza pamutu, kokhala ndi pobisa mutu kunsi ndi poika ulusi pamwamba. Ndiye kuti mayi wosenza dengu popita kumsika wakwaniritsa kale lamulo la Mose, tsitsi lina likuoneka m'mbali. Aphunzitsi a Talmud aja atafunsa ngati mkazi ayenera kuphimba ngakhale ali pabwalo la nyumba yake, mmodzi wa iwo anayankha kuti tikatero sitisiya mwana wamkazi wa Abrahamu ngakhale mmodzi pa banja lake. Ankadziwa mmene akazi awo enieni ankakhalira pakhomo, ndipo sanafune lamulo lothetsa mabanja onse.

Nkhani imene ine ndimaiona kuti ndi phata la mwambo wonsewu ili m'gawo lina la Mishnah, lonena za kulipira munthu amene wamuvulaza kapena kumunyoza. Wovula mkazi kumutu pamsika ankalipira chindapusa cha mazuzi 400 (zuzi inali ndalama ya nthawi imeneyo). Ndalama zimenezi zinali zambiri zedi: ketuba ya namwali inali mazuzi 200, ndipo munthu wokhala ndi mazuzi 200 sankawerengedwanso ngati mmphawi woyenera kukunkha m'minda. Munthu wina anachitadi zimenezi, ndipo Rabi Akiva anamulamula kulipira. Iye anapempha nthawi, napatsidwa. Kenako anamudikirira mkazi uja ataima pakhomo la bwalo lake, naswa patsogolo pake mtsuko wokhala ndi timafuta ta mtengo wochepa kwambiri. Mkaziyo anavula mpango, nayamba kuwola mafutawo ndi dzanja n'kumadzola kumutu. Mwamunayo anali ataimika kale mboni. Anabwerera kwa Rabi Akiva nafunsa ngati munthu wotere n'ngoyenera kumupatsa mazuzi 400. Akiva anamuyankha kuti sananene kanthu: munthu akadzivulaza yekha, ngakhale n'kosaloledwa, salipira, koma wina akamuvulaza amalipira. Ndi Akiva yemweyo amene pamalo omwewo akunena kuti ngakhale osaukitsitsa a mu Israyeli aziwaona ngati mfulu zimene chuma chinawathera, chifukwa ndi ana a Abrahamu, Isake ndi Yakobo.

Mkazi ameneyu anali wosauka, mpaka kugwada pansi chifukwa cha timafuta totayika. Mwamuna uja anaganiza kuti akaonetsa umphawi wake, wachotsa ulemu wake. Bwalo linakana. Ulemu wa kumutu kwake unali wa iye mwini. Akanatha kuuika pambali pa chifukwa chake, koma dzanja la munthu wina linalibe gawo pamenepo. Ndimakhulupirira kuti aliyense wolankhula za mipango ya akazi, kaya akufuna kuwaveka kaya akufuna kuwavula, ayenera kuyamba waima pa chigamulo chimenechi.

Talmud ili ndi mawu enanso awiri amene anakoka nkhaniyi mbali ina. Oyamba ndi a Rav Sheshet, amene anati tsitsi la mkazi ndi erva, kutanthauza umaliseche, natchula Nyimbo ya Solomo 4:1 pamene tsitsi la wokondedwa likufanizidwa ndi gulu la mbuzi. Ambiri mwa ofotokoza anamva kuti akunena za mwamuna amene akupemphera pemphero la Shema, kuti asatero maso ali pa tsitsi la mkazi. Koma apa panali povuta. Mishnah yomweyo imati namwali ankapita ku ukwati wake tsitsi lili lomasuka, moti mboni zokumbukira zimenezo zinkathandiza mkazi pa mlandu wa ketuba. Ngati tsitsi palokha ndi umaliseche, bwanji la mtsikana silili? Arabi a ku Germany a m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 anayankha kuti chimasokoneza maganizo ndi chimene anthu anazolowera kuchiona chophimbidwa. Yankho limeneli linatsegula khomo limene silinatsekedwenso, pakuti zimene anthu anazolowera zimasintha.

Mawu achiwiri ndi nkhani ya Kimchit, mayi amene ana ake aamuna asanu ndi awiri anatumikirapo ngati akulu a ansembe. Atafunsidwa chimene anachita kuti alandire mwayi wotere, anati mitanda ya denga la nyumba yake sinaonepo tsitsi lake. Mayi ameneyu amatchulidwa kawirikawiri pophunzitsa atsikana a Chiyuda mpaka lero. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi yankho limene anzeru aja anamupatsa pomwepo: ambiri anachita zomwezo koma sanapindule nazo.

Ayuda atabalalika m'maiko, mutu wa mkazi unayamba kuonetsa dziko limene akukhala. Maimonides, wobadwira ku Córdoba amene anakhala ku Fustat pafupi ndi Cairo mpaka imfa yake mu 1204, ankakhala pakati pa Asilamu. Iye analemba kuti mpango wokha sukwanira pamsika, mkazi afundenso chofunda chachikulu monga akazi onse amachitira. Mawu akuti monga akazi onse ndi ofunika. Muyeso wake unali msewu wa ku Egypt. Ku Spain, kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, kunatuluka Zohar, buku la ziphunzitso zachinsinsi, lochenjeza kuti tsitsi looneka limaitana umphawi pakhomo, ndipo lisaoneke ngakhale m'nyumba. Koma Rabi Moshe Alashkar, mmodzi wa othamangitsidwa ku Spain mu 1492 amene anadzakhala woweruza ku Egypt, atafunsidwa za akazi osiya tsitsi pang'ono kunja kwa mpango, anati palibe cholakwa pamene mwambo wa malowo uli wotero. Shulchan Aruch ya Rabi Yosef Karo, imene ndi buku lalikulu la malamulo a Chiyuda, yosindikizidwa ku Venice mu 1565, inakhazikitsa lamulo loti akazi asayende pamsika mutu uli pamtunda, ndipo Rabi Moshe Isserles wa ku Kraków anawonjezapo zololeza tsitsi lozolowereka kutuluka m'mbali.

M'zaka zonsezi akaziwo sanangomvera, anakongoletsa. Ku Sana'a ku Yemen ankavala gargush, chophimba chokuta mutu ndi khosi, chosokedwa ndi ulusi wa siliva ndi golide pa masiku a chikondwerero. Ku Poland ndi ku Galicia kunali sterntichel, lamba wa pamphumi wodzala ngale, amene nthawi zina anali chuma chachikulu cha banja. Kumwera kwa Morocco ankaluka chovala cha kumutu ndi timawaya ta siliva pamodzi ndi ubweya wa kumchira wa ng'ombe kapena kavalo, chooneka ngati tsitsi koma osati tsitsi.

Wigi ndiyo inabweretsa mkangano umene sunazime. M'zaka za m'ma 1500, pamene tsitsi loikirira linayamba kutchuka pakati pa olemera a ku Ulaya, Rabi Joshua Boaz wa ku Italy analoleza mkazi wokwatiwa kutuluka atavala wigi yokha. Anagwira mawu a Mishnah otchula peah nokhrit, tsitsi lachilendo, pakati pa zinthu zimene mkazi angavale pa Sabata, nati choletsedwa ndi tsitsi lomera pamutu pa mwini wake, osati lodulidwa kale. Rabi Shmuel Yehuda Katzenellenbogen wa ku Padua anakana kwamtuwagalu. Iye anati akazi akale ankavala tsitsi lachilendolo kunsi kwa nsalu, ndipo wodutsa pamsewu sangasiyanitse wigi ndi tsitsi lenileni. Isserles anaima ndi ololeza. Rabi Moses Sofer wa ku Pressburg, kumene lero ndi Bratislava, amene anamwalira mu 1839, analetsa ana ake aakazi ndi akazi a ana ake aamuna kuvala wigi m'kalata ya malangizo imene anasiyira banja lake.

Wakunja akamva zimenezi amafulumira kuseka: kuphimba tsitsi ndi tsitsi, mwinanso lokongola kuposa lako, phindu lake n'chiyani? Funsoli si lachilendo kwa Ayuda, analifunsa okha zaka 400 zapitazo, ndipo mbali zonse zili ndi poimira. Otsutsa wigi amati chophimba chiyenera kulankhula kwa anthu, kuti woona adziwe kuti uyu ndi mkazi wa mwini. Ololeza amati kudzilemekeza, kumene amakutcha tzniut, sikutanthauza kudzinyansitsa. Chofunika n'chakuti tsitsi lenileni lasungidwira m'nyumba, ndipo wovalayo amadziwa mphindi iliyonse kuti pamutu pake pali chinthu, ngakhale wodutsa asadziwe. Apa akusiyana pa cholinga chenicheni cha mwambowu, ngati chophimbacho chili cha maso a anthu kapena cha mtima wa wovala, ndipo sindikuona kuti vesi la Numeri lingawagamulire.

Ku Hungary, ku Galicia ndi ku Ukraine, magulu ena a Chihasidi, amene ndi Ayuda ogwiritsitsa miyambo ya makolo, anapita patsogolo n'kumameta mkwatibwi mpala ukwati ukangotha. Zifukwa zimene amapereka ndi ziwiri: kuti pasakhale tsitsi lothawa kunsi kwa mpango, ndi kuti posamba m'dziwe la mwambo lotchedwa mikve pasakhale tsitsi lotsala pamwamba pa madzi kapena lopiringizana. Arabi ambiri sanagwirizane nawo mwambo umenewu. Boma nalo linalowererapo: Tsar Nicholas I wa ku Russia, amene ankafuna kuthetsa kavalidwe kosiyanitsa Ayuda ndi anthu ena, analetsa mu 1851 akazi a Chiyuda kumeta kumutu, wopezeka atameta n'kulipira chindapusa. Mwambowu sunafe. Ulipobe pakati pa a Satmar ku New York ndi a Toldot Aharon ku Mea Shearim mu Jerusalem, kumene akazi amamanga mipango yakuda.

Chimene mfumu inalephera ndi lamulo, nyengo inachichita mwakachetechete. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, akazi ambiri a Chiyuda ku Germany, ku Lithuania ndi ku America anali atasiya kuphimba, ena mwa iwo akazi a anthu ophunzira kwambiri Chilamulo. Rabi Yechiel Michel Epstein wa ku Novardok, amene anamwalira mu 1908, analira m'buku lake la Aruch HaShulchan kuti akhala akufuula za chinthuchi kwa zaka zambiri osaphula kanthu. Koma atalira choncho, anagamula kuti popeza tsitsi la akazi okwatiwa lazolowereka kuoneka, mwamuna angathe kupemphera lili patsogolo pake. Sanaloleze kuvula; anangovomereza kuti maso a anthu asintha. Mnzake wa nthawi yomweyo, Rabi Israel Meir Kagan wa ku Radin, anakana ngakhale zimenezo, nati tsitsi likhalabe erva ngakhale mzinda wonse utavula.

Amene anafika kumapeto kwa njirayi ndi Rabi Yosef Messas wa ku Meknes ku Morocco, amene pambuyo pake anadzakhala rabi wamkulu wa Asefaradi (Ayuda amene makolo awo anachokera ku Spain ndi maiko a Aarabu) ku Haifa. M'zaka za m'ma 1950, ataona kuti akazi a mumpingo wake avula potsata kavalidwe ka Chifalansa ndipo ulaliki sukuwabweza, anafufuza m'mabuku nalemba kuti kuphimba kunali kokakamiza pamene akazi onse odzilemekeza ankaphimba, koma pamene onse avula, tsitsi silikhalanso chizindikiro cha chiwerewere. Arabi ambiri anakana maganizo amenewa. Komabe sanazimirike, mu 2009 Rabi Michael Broyde wa ku Atlanta analemba nkhani yaitali m'magazini ya Tradition yosonyeza kuti ena mwa aphunzitsi akale ankaona lamuloli ngati dat Yehudit, ndipo anayankhidwa mwaukali.

Pakati pa zonsezi panagwa tsoka limene silingadumphidwe. M'misasa ya Anazi a Hitler wa ku Germany, akazi a Chiyuda ankavulidwa ndi kumetedwa atangofika, pamaso pa asilikali. Pamene asilikali a Soviet Union anamasula Auschwitz pa 27 January 1945, anapeza matani pafupifupi 7 a tsitsi la anthu litalongedwa m'matumba kuti likagwire ntchito m'mafakitale. Ena mwa eni tsitsi limenelo anali amayi amene ngakhale ana awo anali asanalionepo. Opulumuka atamanganso midzi yawo ku Williamsburg, ku Borough Park ndi ku Bnei Brak, ambiri anagwira miyambo ya makolo awo ophedwa mwamphamvu kuposa kale. Mwambo umene mu 1930 unkaoneka ngati ukutha unabwerera, ndipo kuyambira m'ma 1970 atsikana ophunzira m'sukulu za chipembedzo anayamba kuphimba ngakhale amayi awo sankaphimba.

Akuluakulu atatu ndiwo anaumba kavalidwe kamene tikuona lero. Rabi Moshe Feinstein wa ku New York, amene anamwalira mu 1986, analoleza wigi, nalolezanso tsitsi losapitirira muyeso wa tefach, chikhatho chimodzi, kuoneka. Powerengera kutambalala kwa mutu, zimenezi zimakwana ngati zala ziwiri pamwamba pa mphumi. Analolanso mkazi wamasiye kuvula ngati kuphimba kungamulepheretse kupeza ntchito yodyetsera ana ake. Rabi Menachem Mendel Schneerson, mtsogoleri wa gulu la Chabad ku Crown Heights, sanangololeza wigi koma anailimbikitsa kuposa mpango. Ankadziwa America ya m'ma 1950: mkazi womanga mpango akakhala pakati pa anthu osavala amachita manyazi, naukankhira kumbuyo kapena kuulowetsa m'thumba, pamene wigi sangaivule pagulu ngakhale atalowa Pulezidenti Eisenhower. Rabi Ovadia Yosef, wobadwira ku Baghdad, rabi wamkulu wa Asefaradi ku Israel kuyambira 1973 mpaka 1983, analetsa wigi kotheratu, nalimbikitsa akazi ochokera ku mabanja a ku Morocco, Iraq ndi Yemen kubwerera ku mpango wa agogo awo. N'chifukwa chake Myuda wa ku Jerusalem akangoona kumutu kwa mkazi amatha kudziwa rabi amene banjalo limatsata. Wigi yokhala ndi kachipewa pamwamba ndi ya Ahasidi ofuna kuti wodutsa asakayike. Mpango wa mitundu yowala womangidwa mokweza, kapena lamba wotambalala wosiya tsitsi kumbuyo, nthawi zambiri ndi wa opembedza a Chiziyoni. M'masunagoge a Reform ndi Conservative, magulu a Ayuda osaumirira kwambiri malamulo akale, akazi ambiri saphimba, kupatula ena oika kansalu ka lesi pa nthawi ya mapemphero.

Mabuku onse ndatchulawa analembedwa ndi amuna, koma katunduyu amasenza ndi akazi. Mtsikana amakula tsitsi lake likuoneka, kenako m'mawa wotsatira ukwati, kapena kwa ena kuyambira pa mwambo weniweniwo, amadziona pagalasi ali munthu wina. Alipo amene amanena kuti tsiku limenelo anamva kukula ndi kulemekezeka, ndipo kumanga mpango m'mawa kuli ngati pemphero. Aliponso amene amadandaula za mutu wowawa, kutentha kwa chilimwe cha ku Israel, tsitsi lothothoka pamene timano ta wigi timagwira, ndi maso a apongozi oyeza zala ziwiri zija. Wigi yabwino ya tsitsi lenileni imagulidwa madola zikwi zingapo, ndipo imafunika kupita nayo kwa sheitel macher, mayi wodziwa kuitsuka ndi kuikonza. Pothandiza osauka, madera ambiri ali ndi gemach, kabungwe kachifundo kamene kamapereka kapena kubwereketsa mawigi kwa akwatibwi opanda ndalama. Mkazi wosiyidwa ukwati amakumana ndi funso lakelake, ngati apitirize kuvala chizindikiro cha banja limene latha.

Mu May 2004 akazi amenewa anadzidzimuka ndi nkhani yochokera kutali. Ku Tirumala, pafupi ndi Tirupati m'chigawo cha Andhra Pradesh ku India, kuli kachisi wa Venkateswara, mmodzi wa akachisi ochezeredwa kwambiri pa dziko lapansi. Ahindu zikwizikwi amametedwa mpala kumeneko tsiku lililonse pokwaniritsa malonjezo awo, ndipo oyang'anira kachisi amagulitsa tsitsilo pa okushoni. Limapita m'mafakitale a mawigi ndi tsitsi loikirira m'maiko ambiri, ndipo lina linkathera pamitu ya akazi a Chiyuda. Chilamulo cha Chiyuda chimaletsa kupindula mwa njira iliyonse ndi chinthu choperekedwa nsembe kwa fano. Rabi Yosef Shalom Elyashiv wa ku Jerusalem, amene zaka zoposa khumi m'mbuyomo anali ataloleza tsitsili, anatuma Rabi Aharon Dovid Dunner wa ku London kukaona yekha ku Tirupati. Atamva zimene anabwera nazo, anagamula kuti tsitsilo ndi loletsedwa.

M'masiku ochepa chabe, mawigi anatenthedwa m'misewu ya ku Bnei Brak, ku Jerusalem ndi ku Williamsburg. Akazi amene anasunga ndalama miyezi yambiri anaponya pamoto chinthu chodula kuposa zovala zawo zonse. Aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi ndi m'masitolo anapita kuntchito atavala mipango, maukonde a tsitsi otchedwa snood, kapena mawigi a ulusi wa pulasitiki ogulidwa mofulumira. Palibe wapolisi amene anawakakamiza. Wina angatsutse chigamulocho, ndipo alipo arabi amene anachitsutsa, ponena kuti ometawo si ansembe, kumetako kumachitikira kunja kwa malo opatulika, ndipo Mhindu amapereka kudzichepetsa kwake, tsitsilo n'kukhala chotsala chabe. Ahindu ena anakhumudwa kumva kupembedza kwawo kukutchedwa kwa mafano. Koma kufulumira kumene akaziwo anatayira chuma chawo kunaonetsa kuti kwa ambiri a iwo wigi sinali njira yozembera lamulo, monga onyoza amanenera.

Pambuyo pake ogulitsa anayamba kusoka m'kati mwa wigi kachikalata ka rabi kotsimikiza kumene tsitsi lachokera, monga zimachitikira ndi zakudya zovomerezeka, ndipo mtengo wa tsitsi la ku Ukraine ndi ku Russia unakwera. Vuto linatsala n'lakuti tsitsi limadutsa m'manja ambiri, lambiri kudzera m'mafakitale a ku China, kumene limatsukidwa, kusinthidwa mtundu ndi kusakanizidwa, moti kulondola chiyambi chake n'kovuta. Mu 2017 gulu la arabi ku Israel linadzutsanso nkhaniyi, likunena kuti zikalata zija sizingadaliridwe, ndipo akazi ena anasiya wigi n'kubwerera ku mpango.